Msoko wa pa Chingwe

Pamene ankavuula mtembo wa madala Languitone pakati pa sitima ndi khoma la doko, mwera unali usanatope. Unkachokera kunyanja, n'kukwera ndi mtsinje wa Púnguè, n'kumatola fumbi la malasha ndi kuliwaza m'maso mwa aliyense mosasankha. Sitimayo inabwera yopanda katundu, ndipo ku Beira ngakhale wogulitsa mtedza amadziwa kuti sitima yopanda katundu imatalika ngati nyumba yosanja, mphepo n'kumaikankha ngati chitseko. Boti lokoka lotchedwa Teimoso ndi limene linkaigwira kumbuyo kuti isamenye khoma. Chingwe chokokeracho chinaduka. Kaboti ka Languitone, yemwe ntchito yake inali kulandira zingwe zomangira sitima n'kupita nazo kumtunda, kanali kale pampatapo, ndipo kanaphwanyika ngati dzira.

Inspekitala Hermínia Jemusse wa polisi ya padoko anafika anthu atavula kale zipewa. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Piloto anali ndani?"

"Mayi Benvinda, bwana," anayankha wapolisi wa pageti. "Ndi iwo anaikwera kunyanja kuja n'kuitsogolera polowa padoko. Tawakhazika ku ofesi."

Tinene zoona: mtima wa Hermínia unadumpha ndi chimwemwe, mtembo uli pomwepo. Manyazi anabwera, koma anabwera mochedwa.

Iye ndi Benvinda Faife anakulira mumsewu umodzi ku Munhava, ankatunga pampopi umodzi, ankakhala pabenchi imodzi kusukulu. Benvinda woyamba, Hermínia wachiwiri, chaka ndi chaka. Zimenezo akanazimeza. Chimene chinamukhala pakhosi ndi Custódio Manhepe, mwana wa msodzi wa ku Praia Nova, amene ankamuperekeza Hermínia pochokera kusukulu mpaka tsiku limene anamuona Benvinda. Paukwati wawo Hermínia anagawa mpunga, akumwetulira mpaka masaya kuwawa. Lero Custódio anali woyendetsa Teimoso, Benvinda ndiye mkazi yekhayo wolowetsa sitima zikuluzikulu padokolo, ndipo ngati mlandu ukanamugwera, ntchito ikanatha pomwepo, ndende n'kumulandira. Hermínia ankayenera kuuza akuluakulu ake kuti mlanduwu apatse wina. Sanawauze.

*

Bambo Baltazar Gimo, mkulu wa mapiloto, anamulandira atakhala. Kapu ya tiyi inkagwedera m'dzanja lawo, tiyi n'kumatayikira m'mbale.

"Mwana wanga, ine ndinkalowetsa sitima muno mtsikana ameneyo akuyamwa. Mphepo ngati iyi, munthu wanzeru amadikira. Koma ayi, masiku ano sitima zazikulu amapatsa amene amaoneka bwino pachithunzi. Ife atisiyira timaboti ta nsomba."

"Ndiye analakwa kuilowetsa?"

Mkuluyo anatafuna milomo. "Mphepo inali isanapyole malire. Inatsala pang'ono, koma inali isanapyole."

"Nanga chingwe?"

"Chatsopano, cha sabata yatha yomweyi. Chingwe chatsopano sichiduka chokha, mwana wanga. Chimaduka piloto akalamula mphamvu zonse mwadzidzidzi, chingwe chili lende. Mwamuna wake ndi zimene akunena."

"Inu munamva akulamula choncho?"

"Wailesi yanga sizima." Anaika kapu pansi mosafuna. "Sindimukonda, zimenezo lembani. Koma analamula monga ndikanalamulira ine: pang'ono, theka, kenaka zonse. Ndipo mwamuna wakeyo lero amayankha ngati mwana wa sukulu ya mishoni."

Hermínia anadzutsa mutu. "Mukutanthauza chiyani?"

Bambo Baltazar anaseka, kuseka kwa munthu amene wapeza nkhani yoikonda. Padoko lamulo n'lakuti piloto akalamula, wa boti lokoka abwereze mawuwo onse, kuti piloto adziwe kuti amveka. Custódio ankabwerezera mapiloto onse kupatula mkazi wake. Iyeyo akalamula, Custódio ankangodina batani la wailesi kawiri, khethe khethe, basi. Doko lonse linkamva, doko lonse linkaseka, ndipo m'malo omwera mowa ankamutchula Bambo Benvinda.

"Koma lero," anatero mkuluyo, "'Teimoso theka, piloto. Teimoso mphamvu zonse, piloto.' Mawu aliwonse, momveka bwino, ngati akuwerenga kalata kutchalitchi. Ndinadzifunsa kuti kodi banjali lagwirizana liti?"

*

Teimoso linali litakocheza kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, likugwedezeka pa matayala ake akale. Custódio anatambasula dzanja kuti amuthandize kukwera. Imvi zinali zitayamba m'mbali, koma dzanjalo linali lomwe lija.

"Mina," anatero. Palibenso wina padziko amene ankamutchula choncho. "Bola kwabwera iwe. Usamupanikize kwambiri, wamva? Sanachite dala."

"Sanachite dala chiyani?"

"Anachita mantha. Mphepo itawomba mwamphamvu anandikuwira kuti ndikoke zonse, chingwe chisanakungike. Ndinamuuza kunyumba m'mawa, ndinati mayi, sitima iyi asiyire a Baltazar. Koma umamudziwa mnzako. Sanakhalepo wachiwiri."

Mawu amenewo anamukoma Hermínia ngati madzi a m'dafu, kokonati wanthete, pa dzuwa la masana. Anadzikakamiza kufunsa za ntchito.

"Ndione podukira chingwe."

"Ndadula kale pothothokapo, anyamata aluke diso lina lokolowekera kusitima. Madzi akadzaza kukubwera sitima ina, doko sililira maliro."

"Chidutswacho chili kuti?"

Custódio analoza mtsinje ndi mlomo.

"Unachigwirapo chingwechi chiikireni?"

"Ine? Ine ndimakhala pamwamba apo ndi chiwongolero. Zingwe n'za anyamata." Wailesi inamuitana, ndipo anakwera makwerero akumwetulira mwachisoni.

Hermínia akanatsika pomwepo akanapanda Zefanias, mmalinyero wamkulu mimba amenenso ankaphikira anzake. Anamutsekera njira ndi buledi wokhala ndi badjia, tizitumbuwa ta nyemba, m'kati.

"Idyani, bwana, idyani, lero ndi tsiku langa lobadwa kachiwiri. Mukundiona ine? Bwenzi pano mukutola mutu wanga uku, miyendo uko. Malo anga ndi apo, kumbuyoko, pachidebe icho. Ndimasenda mbatata pomwepo, ndimasuta pomwepo, chingwe chikulira pamwamba panga ngati gitala. Chikaduka chimabwerera ngati chikwapu, chimadula munthu pakati, aliyense amadziwa. Koma zaka zonsezi bwana wathu sanandichotsepo. Amati Zefanias ndi mafuta okhaokha, chingwe chidzangoterereka."

"Ndiye lero?"

"Lero anatsika yekha! Kundigwira pakolala, ine ndi mbatata zanga, kutikankhira tonse m'kati, kutseka zitseko zachitsulo, gwa! Mulungu anawalankhula, bwana."

"Inali nthawi imene mphepo inakula?"

"Ayi, kale kwambiri. Chingwe tinali titangochipereka kusitima, chisanayambe n'kukoka komwe."

Hermínia anasiya kutafuna.

"Chinadukira pati?"

"Pafupi ndi diso, pamene chimakhuzana ndi chitsulo cha sitima. Pamenepo timakulungapo nsalu yolimba ya lona n'kusoka kuti chisaperepeseke. Ndinasoka ndine, sabata yatha." Anaseka n'kudzimenya pamimba. "Msoko wanga muuone, mano a ng'ona! Bwana amati ngakhale thumba la makala sindingasoke."

"Nanga disolo, mbali inayo ya chingwe, ili kuti?"

Zefanias anakanda mutu. "Imeneyo inatsala m'mwamba, pasitima. Kawirikawiri amatiponyera, kapena amangotaya m'madzi. Koma lero, ndi chipwirikiti chija, sindinaone akutaya."

*

Makwerero a sitima anali aatali, ndipo mphepo inkamukoka siketi ngati mwana wolira. Mkulu wa amalinyero a m'sitimamo, bambo wamfupi wa dziko lakutali, ankadziwa Chipwitikizi cha pamsika chokha, koma chinakwanira. Anamutengera kumbuyo kwenikweni kwa sitima n'kukankha ndi phazi chinthu chimene chinali pansi.

"Ichi. Kapitawo anati sunga, mwina polisi. Polisi safuna, ife taya. Mawa ife pita."

Hermínia anagwada. Linali diso la chingwe, lonenepa ngati ntchafu ya munthu, ndi mkono umodzi wa chingwe chotsalira. Nsalu ya lona inali itang'ambika mbali imodzi, ndipo anaifutukula. Zingwe zakunja zinali zitathothoka ngati tsache lakutha, monga chimachitira chingwe chogonja ndi mphamvu. Koma zam'kati zinali zosalala, zofanana, ngati nzimbe yodulidwa ndi mpeni wakuthwa.

Wina anasula nsaluyo, n'kudula mtima wa chingwe, n'kusokanso. Maganizo ake anathamangira kwa Bambo Baltazar, ndipo anawakakamira ndithu, chifukwa ankafuna kuti akhale iwo. Koma manja amene akulephera kapu ya tiyi angalowetse ulusi pasingano? Anatembenuza nsaluyo kuti aone msoko.

Sanali mano a ng'ona. Unali msoko wa munthu wonyadira manja ake: timizere tating'ono, topendekera mbali imodzi, totalikirana mofanana, ndipo kumapeto ulusi unabwerera m'mbuyo n'kudzimangira mfundo ziwiri zogonerana, nsonga yake n'kubisika pansi. Munthu wakuba akanasoka mothamanga, mwina kutsanzira mano a ng'ona aja. Koma mwana wa msodzi amene anakula akusoka matanga a bambo ake sangasoke moipa ngakhale atafuna, dzanja limakana.

Hermínia analowetsa dzanja m'thumba. Makiyi ake ankakhala pa kachidutswa ka lamba wa chikwama chake cha kusukulu, amene anaduka tsiku lina pa mlatho, mnyamata wina n'kumusokera ndi singano ya matanga atakhala pamwala. Chikwamacho chinatha kalekale. Kachidutswako anakasunga, ndipo chala chake chinkadziwa mfundo ziwiri zija kuposa mmene chinkadziwira mphete iliyonse. Sanafunikire n'kukatulutsa.

Anaimirira atanyamula chingwecho, n'kupita nacho m'mphepete. Mkulu wa amalinyero anali atatembenuka, akukalipira anthu ake. Pansi, kutali, madzi amatope ankathamangira kunyanja. Padoko lonse panalibe wina amene akanauzindikira msokowo n'kuunena. Akanangotsegula manja, Benvinda akanakhala wachiwiri kamodzi m'moyo wake, ndipo nyumba yake ya ku Macuti ikanatsala ndi mwamuna yekha, wofuna womuphikira ndi womutonthoza. Anaziona zonsezo bwinobwino, mpaka mtundu wa makatani amene akanasintha.

Manja ake anayamba kumasuka.

*

Benvinda anali atakhala pabenchi ya mu ofesi ya polisi, chovala choyandamitsa chikadali m'thupi, wailesi yake ili pamiyendo. Ngakhale tsiku ngati limeneli tsitsi lake linali losasokonezeka, ndipo Hermínia anaona zimenezo poyamba, n'kudana nazo.

"Mana Hermínia," anatero osadzutsa mutu, pomutchula mchemwali monga amatchulirana ku Beira. "Usavutike. Lemba kuti ndinalakwitsa ndine."

"Unalakwitsa chiyani?"

"Chilichonse chimene akunena. Ndinakoketsa msanga. Lemba."

"A Baltazar akuti sunalakwitse, ndipo mawuwo atuluka ngati akuwazula dzino."

Hermínia anaponya chingwe chija patebulo, fumbi n'kudzuka. Chimene chinamugwira manja pasitima paja si lamulo ayi, kapena ubwino wa mtima, umene tsiku limenelo analibe. Pamadzi, pakati pa matabwa a kaboti kophwanyika, pankazungulira patapata mmodzi wobiriwira, womangidwa ndi waya. Languitone ankayenda naye padoko chiyambire Hermínia ntchito, ndipo m'mawa uliwonse ankamupatsa moni womutchula mwana wake.

Benvinda anayang'ana nsalu ya lona ija. Anatambasula chala, n'kuchiyendetsa pamsoko mpaka pa mfundo ziwiri. Sanadzidzimuke.

"Unkadziwa," anatero Hermínia.

"Za chingwe ayi. Ndikanadziwa, madala aja bwenzi ali moyo." Anachotsa chala pamsoko. "Koma atangobwereza lamulo langa loyamba, 'Teimoso pang'ono, piloto,' ndinadabwa. Chikwatirane sanandiyankhepo choncho. Ndinadziwa kuti akulankhulira anthu ena amene adzamvetsere pambuyo. Koma ndinali kale pakati pa njira, mchenga uku, mchenga uku, mphepo kumbuyo. Sitima si njinga yoti ungatsike n'kuikankha."

"Ndiye ukufuna ukalowe m'ndende m'malo mwake?"

"Ndi bambo wa ana anga."

"Languitone analibe ana?"

Benvinda anatseka maso. Atawatsegula anamuyang'ana Hermínia mwachindunji, monga ankachitira pabenchi ya kusukulu.

"Ndikudziwa kuti umandiona bwanji, mana. Umaona galimoto, umaona nyumba, umaona iyeyo. Ukudziwa kuti yunifolomu iyi ndimavulira kuno kudoko, kuti isalowe m'nyumba mwake? Tsiku limene ndalowetsa sitima yaikulu ndimafika kunyumba mwakachetechete ngati ndachokera kwa chibwenzi. Ndimagwada pomupatsa madzi, iye n'kunena kuti, 'Piloto wagwada, lembani m'nyuzi.' Mayeso a upiloto tinalemba limodzi, ine n'kukhoza, iye n'kulephera. Palibe tsiku limene anandikhululukira."

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mwambiwo Hermínia ankaudziwa kuyambira ali mwana, koma sanaganizepo kuti mkuyu wake ndi umene iye wakhala akuuyang'ana kumwamba zaka zonsezi, malovu ali chuchuchu. Chodabwitsa n'chakuti nsanjeyo sinachoke. Inangosowa pokhala, n'kumazungulira m'chifuwa.

Chitseko chinagogodedwa, ndipo wapolisi wa pageti anasuzumira.

"Bwana, kwabwera amuna awo. Abweretsa chakudya."

*

Custódio analowa ndi kambale kokutira ndi nsalu, nkhope ili ya mwamuna wabwino amene mkazi wake wagwa m'mavuto. Anaona Benvinda, anaona Hermínia, kenaka anaona patebulo. Kambale kaja anakaika pansi pang'onopang'ono.

"Zefanias amasoka bwino masiku ano," anatero Hermínia.

"Aliyense padoko pano amatha kusoka lona."

"Unandiuza kuti sunachigwirepo chingwechi."

"Sindinachigwire."

"Unawatsekera anyamata ako m'kati chingwe chisanayambe kukoka. Unadula podukira n'kutaya mumtsinje mtembo usanavuulidwe. Ndipo lero, lero lokha, unakumbuka kuti mkazi wako ndi piloto."

"Zimenezo ndi nkhani za pamowa, Mina. Woweruza adzafuna umboni woti msokowo ndi wanga. Uutenga kuti?"

Anafunsa akuyang'ana mkazi wake, podziwa kuti nyumba yawo yadzaza ndi misoko yake, podziwanso kuti Benvinda sangatulutse ngakhale umodzi. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Hermínia anatulutsa makiyi ake. Anawachotsa amodziamodzi pa kachidutswa ka lamba kaja, kakuda ndi thukuta la zaka zambiri, n'kukagoneka pambali pa nsalu ya lona. Timizere tomwe tija, kupendekera komwe kuja, mfundo ziwiri zogonerana. Ngakhale wapolisi wa pakhomo anasendera n'kugwedeza mutu.

Custódio anawerama n'kuyang'anitsitsa. Ndipo taonani mwamuna: pakati pa zonsezo, kankhope kake kanawala ndi kunyada.

"Mina! Unasungabe?"

"Ndinasunga."

Benvinda anayang'ana kachidutswako, n'kuyang'ana mnzake wa ku Munhava, ndipo anamvetsa zonse. Hermínia akanakonda kumenyedwa mbama kusiyana ndi chisoni chimene anachiona m'maso amenewo.

"Madala aja sankayenera kukhala pamenepo," anatero Custódio, mawu atatsika. "Amalowa msanga nthawi zonse, ndakhala ndikuwauza. Ine ndimangofuna sitima ikhudze khoma, utoto uchoke, chitsulo chipindike pang'ono. Mkazi wangayu amubweze ku timaboti tating'ono, anthu asiye kunditchula dzina lija. Basi. Ndi zochuluka zimenezo?"

"Tambasula manja," anatero Hermínia.

Anatambasula. Hermínia anagwira manja aja, amene anawalota zaka zonse za utsikana wake ndi zina zambiri pambuyo pake, n'kuwatsekera m'unyolo. Anali ataima pafupi kwambiri moti ankamva fungo la dizilo ndi mchere pamalaya ake. Anadikira kuti amuyang'ane, amutukwane, amutemberere, chilichonse. Ndi iye amene anapeza chingwe. Ndi iye amene anamugwira.

Koma Custódio ankayang'ana kupyola phewa lake, kubenchi.

"Wapambananso," anauza mkazi wake.

Wapolisi uja atatuluka naye, Hermínia anatola makiyi ake patebulo. Analibenso pomangira, choncho anangowathira m'thumba, ndipo ankalira poyenda mpaka kukafika kugeti, kumene mkazi wa Languitone anali atakhala pansi kudikira woti amuuze chimene chachitika.